Mawere a Ukwati wa Mwiza

Edness wa ku Chinyunyu ankatchuka ndi zinthu ziwiri: kufulula mowa wokoma ndi kusavomera kulakwa. Chaka chimene makampani ankatsekedwa ku Lusaka, anagula matumba atatu a mawere a mowa wa ukwati wa mwana wake Mwiza, n'kuwasiya m'manja mwa mlongo wake Maybin, mlonda wochotsedwa ntchito amene sankaudziwa mowa ngakhale fungo, iye n'kupita kukadwazika azakhali ku Mpanshya.

Atabwerako, anapeza pangodya pamene anasiya matumba pali mbee.

"Maybin! Matumba anga ali kuti?"

"Pachingwe, ba sisi. Ndinawachapa."

"Ndikufunsa nsanza ine? Mawere!"

"Koma mwati matumba."

Edness anatula katundu wake pansi, n'kugwira m'chiuno. "Chabwino. Mawere anga ali kuti?"

"Ati? A thumba loyamba?"

"Yambira pamene ufuna."

Maybin anaimirira njo, manja kumbuyo ngati ali pageti. "Munati ndiwaviike m'madzi, ndiponso akhale pofunda. Ndiye ndinaganiza zochita zonse ziwiri kamodzi. Ndinawatengera ku madzi otentha aja."

"Kukasupe? Kumene anthu amaphikako mazira?"

"Komweko. Pofunda kuposa apo palibe."

"Mayo ine! Unawaphika!"

"Iyayi, ba sisi. Moto sindinakoleze."

"Mawere ophika amamera, iwe?"

"Sanamere, koma ananunkhira bwino. Nkhumba za ba Festus zinayamikira kwambiri."

Edness anatseka maso. Ukwati unali Loweruka likubweralo, ndipo anali atalengeza kale pachigayo kuti akuchimuna adzabwerera kwawo chokwawa.

"Nanga thumba lachiwiri?"

Nkhope ya Maybin inawala. "Pamenepo ndiye musangalala. Munati chiyani pokwera basi?"

"Ndinati ndikabwera ndipeze atamera."

"Tiyeni."

Anamutsogolera kudimba, kuseri kwa nthochi. Kumeneko kunali timizere tobiriwira, towongoka ngati asilikali.

"Onani! Palibe n'kamodzi komwe kanakana. Ndinayeza ndi chingwe, kuthirira m'mawa ndi madzulo."

"Unabzala?"

"Nanga akanamera bwanji?"

"M'thumba, chitsiru iwe! Chimera! Umaviika, n'kufunditsa, tikatuluka timizu n'kuyanika, n'kukagaya. Ndi mmene timapangira mowa!"

"Ooh." Maybin anakanda m'mutu. "Zimenezo simunanene."

"Mwana wakhanda amazidziwa!"

"Ine ndinakulira m'tauni ku Matero, ba sisi. Kumeneko mowa umamera m'botolo."

"Manje akuchimuna ndidzawapatsa chiyani? Masamba?"

"Akapirira miyezi ingapo, tikolola. Ngati chikondi chawo n'chenicheni, adikira."

Edness anatola mtsuko wothirira kuti amuponyere, koma dzanja linaima m'mwamba. Anayang'ananso timizere tija. Tinali tochepa, malo ake osaposa mphasa zitatu.

"Dikira. Thumba lathunthu lathera pa kadimba aka?"

"Eee."

"Ena unagulitsa!"

"Ine? Zaka zonse za ulonda sindinatolepo ngakhale msomali."

"Ndiye ali kuti?"

"Mawere anali pamwamba pokha, ba sisi. Pansi munali mchenga."

"Chiyani?"

"Mchenga wa kumtsinje. Wabwino, wosefa."

"Bodza! Ine Edness kugula mchenga? Thumba ndimangolimenya kamodzi, ndadziwa za m'kati mwake. Munthu wa lole amene anandigulitsa uja anachita kulira mmene ndinamutsitsira mtengo."

"Analiradi?"

"Misozi mbwee!"

"Mwina anali kuseka."

"Tseka pakamwa! Komanso ndinawalawa ndekha."

"Munalawa pamwamba. Loyamba lija linalinso chimodzimodzi. N'chifukwa chake nkhumba sizinakhute."

Edness anatsitsa mtsuko pang'onopang'ono. Anakumbukira mmene bambo wa lole uja anakanira kukhuthula matumba, ati fumbi limamuyambitsa chifuwa, ndi mmene anaimikira lole yake mumsewu waukulu injini osazimitsa. Komabe anakweza chibwano.

"Lachitatu ndinalisankha ndekha. Linali lolemera kuposa onse."

"Linalidi lolemera."

"Ndinati ulisunge pamene mbewa ndi anankafumbwe sangalidye."

"Sanalidye. Mbewa zinaboola kamodzi, sizinabwerenso. Munalibe n'kambewu komwe, ba sisi. Pa nkhani ya kusunga, munagula bwino. Limenelo likanafika ukwati wa adzukulu osafumbwa."

Apa Edness anangokhala pansi pamzere womwewo.

"Mwaphwanya mbewu," anatero Maybin.

"Maybin, mwana wa amayi anga," anayamba Edness ndi mawu otsika, "khala apa. Anthu akafunsa za mowa, udzanene kuti matumba onse atatu unaphika kukasupe."

"Koma ndinaphika limodzi."

"Si paja unati sunaphike?"

"Mwandiuza ndinu kuti ndinaphika."

"Udzanene onse atatu! Iwe ndiwe wa m'tauni, adzakuseka tsiku limodzi n'kuiwala. Koma ine ndikadziwika kuti ndinagula mchenga, ndani adzamwenso mowa wanga?"

"Mowa wotani? Wa ukwati? Umenewo ulipo."

Edness anadzuka. "Ulipo bwanji?"

"Chimera chili m'khitchini, madengu awiri, chogayagaya. Anabweretsa ba Estina."

Estina anali mayi wofulula mowa wa kutsidya kwa msewu. Iye ndi Edness ankapatsana moni pamaliro pokha.

"Estina? Kundipatsa ine chimera? Anadziwa bwanji?"

"Anandipeza ndikukhuthula thumba lachitatu. Anafunsa kuti ndi chiyani, ndinawauza. Anaseka mpaka chitenje kumasuka. Kenako anatenga mchengawo kukakonzera khonde lawo, n'kubwera ndi madengu. Anati mwana asakwatiwe ndi madzi chifukwa cha nzeru za amake."

"Anatero?"

"Ndinaloweza bwino."

Edness anayang'ana kukhitchini, anayang'ananso kutsidya kwa msewu. Mowa unali utapulumuka, koma mtima sunatsike.

"Ndiye mudzi wonse wamva?"

"Iyayi, ba sisi, musade nkhawa. Ba Estina analumbira kuti sauza munthu mmodzimmodzi."

"Zoona? Analumbira?"

"Pamaso panga. Anati adikira paukwati, anthu onse atakhala pansi."