Fungo la Kachasu pa Hijabu Yanga

Ndine mtsikana wa Fomu 3 kuno ku Chikweo. Lero Lachisanu ndinadzuka wosangalala chifukwa tinali kukaphunzira kutcheza mu labu, kulekanitsa mowa ndi madzi pamoto.

Kumpopi kunalibe madzi oziziritsira paipi yagalasi yodutsamo nthunzi, choncho aphunzitsi anandikweza pampando kuti ndizithira madzi a m'ndowa ndi kapu. "Usasiye, mwanawe. Ikatentha isweka, ndipo tili nayo imodzi yokhayi."

Kenaka chotsekera botolo la mowa lomwe linali pamoto chinakhwefuka, nthunzi n'kumandiwomba kumaso. Ndinafuna kutsika, koma anzanga onse anali atathawira kukhomo. Ndinathirabe madziwo maso akuwawa mpaka aphunzitsi anazimitsa moto.

Ndinafika kunyumba hijabu ikununkha kachasu, n'kukumana ndi ababa akuchokera kumzikiti.

"Sukulu yakoyo ndi imeneyi?"

"Iyayi ababa, ndi sayansi."

"Sayansi ya kushabini. Lolemba usadzapiteko."

Hijabuyo ndaichapa, koma ababa sakundiyang'anabe. Mawa ndilawirira kunyumba kwa aphunzitsi kukawapempha adzalankhule nawo, chifukwa mawu a mwana wonunkha kachasu sakumveka pakhomo pano.