Ndinawerama Pamene Filesi Anakweza Dzanja

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, abale ndi alongo nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya! Ameni wanuyo ndamumva, koma kaya mudzayankhanso mokweza chonchi mukamva zimene ndanyamula lero.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ambiri mumandidziwa kuti ndine amake Linesi, wa ku komboni ya kumunsi kwa fakitale. Ena mumanditchula kuti mayi wa odwala. Dzina limeneli, inalipo nthawi imene ndinkaliyankha ndikudziwa kuti si langa.

Ine Mulungu sanandipatse mawu olalikira. Kuimba, a kwaya akudziwa, ndimangosokoneza. Chimene anandipatsa ndi manja awa, ndi mtima wosanyansidwa. Nthawi ija matenda anayamba kugwetsa anthu m'makomboni muno, mankhwala otalikitsa moyo asanafike, ine ndikaweruka kotchola tiyi ndinkangotula dengu n'kulunjika kumene kwagona munthu. Kumusambitsa, kumuchapira, kumutembenuza, kumumwetsa phala, kupemphera naye. Panalibe wondituma. Ndikangomva kuti uje wagona, pansi sipankakhalika. Abusa amene analipo nthawi imeneyo anandiuza kuti, "Mayi, maitanidwe anu ndi amenewa. Muwagwiritsitse." Ndinayankha kuti ndamva.

Mmodzi mwa odwala anga anali Filesi. Ena mukumukumbukira, wamtali uja wa kwa Mphuka. Tinkatchola mizere yoyandikana. Tsiku la chiperoni, zala zitauma gwa ndi kuzizira, iyeyo ndi amene ankayambitsa nthabwala za m'Chilomwe mpaka kapitawo naye kulephera kudzigwira. Mwamuna wake atamwalira, Filesi anayamba kutsokomola. Kenako m'mimba. Kenako dengu linamukanika, anagona. Ndinkapita kwa iye kawirikawiri. Tsiku lina ndikumupesa tsitsi, anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achemwali, anthu ayamba kundilambalala. Inu musadzanditaye."

Ine ndinati, "Iwe Filesi, ndikadzataya iwe ndiye kuti ndataya Mulungu."

Mwamva, abale? Mawu amenewo anatuluka pakamwa pomwe pano.

Posakhalitsa pa esiteti pathu panabwera manijala watsopano wochokera kutali, ndi banja lake. Adona ake ankafuna munthu wolera ana, ndipo kapitawo anatchula ine. Amene munasenzapo dengu kumsana mvula ikukukwapulani, mukudziwa chimene ndinamva mumtima. Ntchito ya pamthunzi! Tiyi wamkaka m'mawa! Msana kupumako! Ndinati Mulungu wandikumbukira.

Adona aja sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anali mayi wamantha ngati mayi aliyense. Tsiku loyamba lomwelo anandiitana kukhitchini nati, "Amake Linesi, ndamva kuti mumalowa m'nyumba za anthu a chifuwa chachikulu. Ine ndili ndi khanda muno. Musankhe chimodzi."

Sindinapemphere. Sindinafunse abusa. Ngakhale bambo akunyumba sindinawauze. Ndinangoti, "Ndasiya, adona."

Ndasiya. Mawu amodzi basi, ngati ndikutaya chisononkho.

Amayi ake a Filesi anali atabwera kuchokera kumudzi kudzamudwazika. Tsiku lina anafika pa geti la abwana, ine ndili ndi khanda kumsana. Anati, "Mnzanu uja akukufunsani. Akuti ine manja anga ndi okalamba, ndimamupweteka pomutembenuza." Ndinayang'ana kuzenera ngati adona akuona, ndipo ndinati, "Mukamuuze ndibwera Loweruka." Loweruka linafika, ine ndinachapa. Lina linafika, ndinati mutu. Ndinayamba kuzungulira njira ya kumabulugamu kuti ndisadutse pakhomo pake.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa apa ndi pamene pamandiwawa. Tsiku lina tinkapita ku Boma pa galimoto ya abwana. Adona kutsogolo ndi khanda, ine kumbuyo ndi mwana wawo wamkulu. Tikufika pamphambano pamene anthu amadikirira matola, ndinaona anthu awiri atakhala pansi padzuwa. Amayi ake a Filesi aja, ndi Filesi atawatsamira. Ankapita kuchipatala. Filesi anali atatha, abale, khosi ngati phesi la chimanga. Galimoto inachepetsa liwiro chifukwa cha maenje, ndipo anandiona. Anakweza dzanja. Sanaimitse galimoto ayi, ankangondipatsa moni. Ndipo ine, ine amake Linesi, ndinawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato ya mwana. Nsapatoyo inali yomanga kale. Ndinaimasula ndekha n'kuimanganso mpaka titadutsa. Malo m'galimotomo analipo. Ndikanangogogoda pagalasi kuti galimoto iime.

Koma Lachinayi lililonse ndinali muno, yunifolomu yosita bwino. Amayi akafunsa kuti odwala athu ali bwanji, ndinkati tikuwayendera, tiziwapempherera. Ndinakunamizani, amayi anzanga. Inu amene mwakhala kutsogoloku, ndinakunamizani mukundiyang'ana m'maso. Ndinkagwada kuti ndipemphere, mawu osatuluka. Chakudya cha kwa abwana ndinkadya, thupi linabwera, anthu n'kumati amake Linesi asalala. Koma m'kati ndinali ngati nthochi yodyedwa ndi anankafumbwe, yongoimirira.

Ndiye Mulungu anandikwapula, ndipo sanandikwapule ndi matenda kapena maliro. Anandikwapula ndi mphatso. Lachinayi lina amayi munasonkherana mwakachetechete n'kundigulira beseni latsopano, thaulo ndi sopo. Amayi abusa anaimirira nati, "Izi ndi za mnzathu amene amatiimirira kwa odwala. Ife timaopa, iye saopa." Munaimba, munalulutira, ine ndikulandira ndi manja awiri. Ndinalira, inu n'kumayesa ndi chimwemwe.

Nditafika nazo kunyumba, bambo akunyumba anali pakhonde akukonza njinga. Iwo salankhulalankhula, mukuwadziwa. Anayang'ana beseni lija, anandiyang'ana ine, kenako anati, "Amake Linesi, limeneli mukasambitsiramo ndani?"

Iwo anapitiriza kupopa tayala.

Sindinalowe n'komwe m'nyumba. Ndinathamanga ndi beseni lomwelo kupita kwa Filesi. Ndinapeza pakhomo payanikidwa zovala za anthu ena. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno, munthu akasiya ntchito nyumba imapita kwa wina. Mayi wa m'nyumbamo anati, "Odwala aja? Anawatengera kwawo kwa Mphuka. Kaya akadali moyo."

M'mawa mwake ndinapita kwa adona. Ndinati, "Adona, ndinakuuzani kuti ndasiya zoyendera odwala. Ndinalakwa kunena choncho, chifukwa ntchitoyo sindinadzipatse ndekha. Ndikubwererako." Iwo anati, "Mukudziwa kuti mukapita simubweranso muno?" Ndinati ndikudziwa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi shuga ndi mpunga, nati ndikapatse wodwalayo. Koma geti anatseka ndithu.

Ndinakwera matola, kwinako wapansi, kukwera zitunda, kufunsa m'makomo. Njira yonse pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndimupeze akupuma. Musandikhululukire kaye, ingondilolani ndimupeze akupuma.

Ndinamupeza. Anali atagona pamphasa m'kanyumba ka amayi ake kuseri kwa nthochi. Ndinagwada pakhomo n'kuti, "Filesi, ndabwera."

Anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndiye ndi mawu otsika anati, "Nsapato ya mwana ija munamanga bwino?"

Abale, bola akanandimenya. Bola akanandilavulira. Ndinafuna kumugwira dzanja, iye analibweza. Anati, "Musandikhudze, mungakapatsire ana a bwana." Ndipo anatembenukira kukhoma.

Ndinatuluka. Mdyerekezi anandinong'oneza pomwepo kuti waona, ntchito wataya, mnzako wakukana, dzipita kwanu. Ndinaimirira ndithu kuti ndizipita. Koma ndinaona mulu wa nsalu zake kuseri kwa nyumba, ntchentche zili ng'waa, amayi ake alibe mphamvu yopita nazo kumtsinje. Ndinati ngati sandilola kumukhudza iye, nsalu zake sizindikana. Ndinazitenga n'kukachapa. Tsiku lotsatira ndinatunga madzi, ndinasesa, ndinaphika phala n'kupatsa amayi ake kuti akamumwetse. Ine ndinkakhala panja pafupi ndi chitseko. Sankandilankhula. Masiku anapita choncho.

Tsiku lina masana ndikusenda chinangwa, ndinamva mawu m'nyumba muja. "Achemwali." Ndinayesa ndamva molakwa. "Achemwali, msana ukundiyabwa."

Ndinataya mpeni. Ndinafunditsa madzi, ndinathira m'beseni lanu lija, amayi, ndipo ndinamusambitsa. Zilonda zinali zitamudya kumsana chifukwa chosatembenuzidwa, zilonda zimene sakanakhala nazo ine ndikanakhala pamalo panga. Ndinkatsuka ndikulira. Iye anati, "Musalire, mukundithira mchere pabala." Ndipo anaseka pang'ono, kuseka kuja kwa kumunda.

Filesi anamwalira mvula yoyamba itagwa. Anamwalira ali woyera, mutu wake uli pamiyendo panga, titapemphera limodzi. Sindinama pamaso pa Mulungu: sananenepo kuti ndakukhululukirani. Mawu amenewo sindinawamve, ndipo sindidzawamva pansi pano. Miyezi ija imene anandiitana ine osapita, sindingaibweze. Ndimayenda nayo.

Ndinabwerera ku dengu. Masamba atachuluka kapitawo anandilembanso, ndipo msana uno ukuwawa monga kale. Koma ndikagwada tsopano, mawu amatuluka. Ndaphunzira kuti maitanidwe sathawika ndi phokoso ayi. Munthu umawasiya pang'onopang'ono, uli muno m'tchalitchi, ukuimba nawo. Mwina alipo wina pano amene Mulungu anamupatsa kanthu koti agwire, ndipo wakaika pansi chifukwa kwapezeka pofewa. Mlongo wanga, mbale wanga, bwererani anthu anu akadapuma.

Amayi anzanga, ndikhululukireni bodza lija. Abusa, ndipempherereni kuti ndisadzathawenso. Ndikuthokoza bambo akunyumba, amene sanandinyoze nditataya ntchito ya pamthunzi. Koposa zonse ndikuthokoza Mulungu, chifukwa anali ndi ufulu wondilanda ntchito yake n'kupatsa wina wokhulupirika, koma anandidikira. Munthu wothawa ngati ine, anandidikira!

Mawa ndikaweruka ndikupita ku komboni ya kumtunda, kuli bambo wina wagona ndipo alibe womutembenuza. Ndi wolemera, ndekha sindingathe, ndikufuna manja ena awiri. Koma lero, ngakhale misozi ili m'maso, imirirani mukondwere nane. Lululutani, amayi! Imbani m'manja, abale! Wantchito wothawa uja wabwerera, ndipo Mwini munda wamulandira. Aleluya! Ameni.