Liwu lomwe Joop akudikira

Pa siteji ya basi mumzinda wa Groningen, mayi wina wonyamula maluwa anaima pafupi ndi bambo wogwira chigalu chachikulu pachingwe.

"Bambo, galu wanuyu akungondiyang'anitsitsa chifikireni changa. Saluma?"

"Joop ndi womvera, mayi. Taonani. Joop, khala pansi! Mwaona?"

"Nanga chingwecho mwachigwira ndi manja onse awiri chifukwa chiyani?"

"Ndangomutenga dzulo kosungira agalu amasiye. Akuti malemu mbuye wake anamuphunzitsa liwu limodzi lachinsinsi. Akangolimva, amalumphira munthu pakhosi."

"Mayo ine! Liwu lanji limenelo?"

"Anapita nalo kumanda. Palibe akulidziwa."

"Ndiye mukubwera naye pagulu chonchi? Inetu ndiitana apoli..."

"Chonde mayi, Joop waimika makutu. Liwu mwayambalo musalimalize."