Galimoto Imene Ankati Ikudandaula Mwini Wake

Moni nonse amene mukuwerenga, mtendere wa Ambuye ukupezeni pamene mulipo. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Wovwe, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndine mayi wamasiye. Ndikufuna ndikuuzeni za miyezi iwiri imene phokoso la mabuleki linandimanga manja ndi miyendo, ndi mmene Mulungu anandimasulira.

Amuna anga, a Gondwe, anali a konkuno. Atamwalira anandisiyira mwana wathu Tamanda, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi kagalimoto kakale koyera. Tamanda amadwala mphumu. Ikamugwira kwambiri timayenera kuthamangira kuchipatala chachikulu ku boma, ndipo pa kabaza sindingamukweze, chifukwa fumbi la msewu wathu wadothi wokafika ku msewu wa tala ndi limene limamutseka pachifuwa. Choncho galimotoyo ndinkaisamala kuposa mmene ndimadzisamalira ndekha.

Chakudza sichiimba ng'oma. Patangotha mwezi chiikire maliro, wilo lakutsogolo linayamba kukukuta ngati munthu akunola chikwanje pamwala. Ine, mphunzitsi wamkulu mutu wonsewu, mankhwala anga anali kukweza wailesi. Ndinkaimba nyimbo za kwaya mokweza kuti ndisamve, koma phokosolo linkaimba besi.

Mlamu wanga wamkulu atamva, anati ndi mabuleki. Iye amayendayenda ku Tanzania, ndiye anabwerako ndi mapadi, tizitsulo timene timapana wilo ukaponda buleki. Anati awa si wamba, ndi a magalimoto a mpikisano. Makanika wina ku Uliwa anawaika mwachangu pansi pa mtengo, akale n'kundiponyera m'buti. Pobwerera kunyumba kukukuta kuja kunali pomwepo, ndipo tsopano ndikaponda buleki kunkabweranso kulira kwina kopyoza m'makutu.

Apa ndi pamene nkhani inasanduka. Kuchimuna anayamba kunong'ona kuti galimoto ikudandaula mwini wake. Ankati ndinafulumira kukhala pampando wa malemu mwambo womasula mayi wamasiye usanachitike, ndipo chitsulo sichinama. Anagwirizana kuti Loweruka lina adzabwera kudzaitenga, ikaimikidwe kumudzi mpaka zonse zitalongosoka. Ine si mwana. Ndinkadziwa kuti galimoto ikalowa m'mudzi muja, ndidzaionanso ikudutsa itanyamula matumba a mpunga a munthu wina.

Ndinagwira njakata, abale anga. Kuiyendetsa ndinkaopa, poganiza kuti tsiku lina ndidzaponda buleki mwana ali kumbuyo, phazi n'kungofika pansi. Kuikaniza sindikanatha, chifukwa mtengwa wochokera kutali alibe pakamwa pabwalo la eni mudzi. Kubwerera kwathu, ntchito ili kuno. Ndipo ndivomere tchimo langa pamaso panu: ine wa Baibulo m'manja ndinayamba kukhulupirira kuti mwina a Gondwe andikwiyiradi. Tamanda akangotsokomola, mtima wanga unkachoka m'malo.

Lachinayi la sabata imeneyo ndinalowa m'galimoto ndi thumba la mpunga wosapuntha. Ndinkapita nawo kuchigayo kuti ndidzaphikire alendo omwewo odzandilanda. Ndisanalize injini ndinapemphera pemphero lopanda ulemu. Ndinati, Ambuye, mumati ndinu mwamuna wa amasiye, nanga bwanji mwangokhala chete? Ngati ndalakwa ndiuzeni poyera, musandiyankhule ndi wilo. Ndinalira mpaka chiwongolero chinanyowa.

Chigayocho amayendetsa ndi a Kayira, bambo wachikulire wosayankhulayankhula, amene ndinkangowadziwa ndi nsidze zawo zoyera ndi gaga. Ndikufika pang'onopang'ono, ndinaona azimitsa chigayo, azimayi a pamzere n'kuyamba kudandaula. Anabwera molunjika pa ine, akuyankhula Chichewa chosakaniza ndi chiyankhulo cha kuno.

"Monire, Madamu. Bwererani kumbuyo pachoko, muyendeso. Buleki musagwire yayi."

Ndinachita zomwezo, iwo akuyenda pambali pa wilo, khutu atalitchera. Kenako anati ndiponde. Anandibwerezetsa katatu, n'kugwedeza mutu.

"Maphokoso ali awiri apa, mama. Mapadi akatha, chisulo chikukhuza chisulo, chikulira para mwaponda. Ili likulira musanaponde. Ndiye si mapadi yayi."

Anatenga jeke m'buti n'kuchotsa tayala. Anandionetsa chimbale chachitsulo chimene mapadi amapana, ndi kachitsulo kopyapyala ngati lata kamene kamachitchinga kumbuyo. Anapindako kachitsuloko ndi sipanala, ndipo panagwa kamwala kochepa ngati njere ya chimanga, kosalala mbali imodzi chifukwa chokhulika. Kanali ka mumsewu wathu womwewu, kamene kanadumphira pamenepo n'kukanirira. Anazunguza chimbale chija ndi dzanja, chinazungulira chete.

Atayang'ana mapadi atsopano aja anaseka koyamba chiwadziwireni. Anandifotokozera kuti amenewo anawapangira galimoto zothamanga kwambiri, ndipo amagwira bwino akatentha. Kwa munthu woyenda ngati ali pa ukwati, monga ine, amakhala ozizira, amalira, ndiponso amadya chimbale. Anafunsa ngati akale ndinataya. Nditawatulutsa anawapima ndi chala, n'kunena kuti akadali ndi nyama yambiri. Anawabwezeretsa mbali zonse ziwiri, azimayi aja atatizungulira, ataiwala za mpunga wawo. Ndinawafunsa kuti anaphunzira kuti zimenezi. Anati munthu amene wakhala ndi chigayo zaka zambiri amadziwa kusiyanitsa kulira kwa mwala ndi kulira kwa chitsulo.

Loweruka alendo anga anabwera, anadya mpunga. Atasamba m'manja ndinaika kamwala kaja pa mbale, ndinagwada monga mwa ulemu wake, n'kuwauza kuti wodandaula uja ndi ameneyu. Mlamu anatenga makiyi, anaiyendetsa mpaka patala n'kubwerera, mawindo ali otsegula. Phokoso lililonse sanalimve. Apongozi anga aakazi ndi amene anadula nkhani. Anati mwana wawo sanali munthu wokwiyira mkazi ndi mwana, makiyi aperekedwe kwa amake Tamanda. Mwambo tinadzachita pa nthawi yake, galimoto ili pakhomo panga.

Inu amene mwatsekeredwa pakona lero, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale lokalipa ngati langa. Komanso musachite zanga zokweza wailesi. Phokoso la mabuleki si loti muzolowere, pitani nalo kwa munthu wodziwa kumvetsera, chifukwa mwina ndi kamwala, mwinanso ndi moyo wanu. Ine ndinkayembekeza kuti yankho lidzera kwa abusa kapena kwa akuluakulu a boma, koma Mulungu analibisa m'chigayo.

Patapita masabata atatu, anthu akutentha mapesi a mpunga masana, mphumu inamugwira Tamanda kuposa kale lonse. Milomo inayamba kuda. Ndinamugoneka kumbuyo n'kuyendetsa ngati si ine, ndipo ng'ombe zitadutsa mumsewu ndinaponda buleki, galimoto inaima. Njira yonse munalibe phokoso lina koma kupuma kwa mwana wanga, ndipo ndinkakuwerenga kumodzikumodzi mpaka pageti la chipatala. Anamwino anati ndikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina. Lero Tamanda ali panja apa akudumpha chingwe ndi anzake, ndipo ndikumumva akukangana nawo mokweza. Ambuye alemekezeke.