Mphika wa Mpunga Usazime

Pamzere m'sitolo ya zamagetsi mumzinda wa Chiang Mai, mnyamata wina ankangopondaponda, waya ali m'manja, uku akudandaulira mayi amene samamudziwa n'komwe.

"Azakhali, madzulo ano ndikufuna kumufunsira ukwati Namfon wanga, m'galimoto yathu yogonamo. Koma ndikangoyatsa timagetsi tokongoletsa, switchi yaikulu ikumagwa yokha, mdima bii!"

"Chinanso chimakhala chikuyaka n'chiyani?"

"Mphika wamagetsi wophikira mpunga, ketulo, choziziritsa mpweya. Zonse pasoketi imodzi."

Mayiyo anaseka mpaka kugwirira shelefu.

"Mwanawe, ngakhale njati sikoka ngolo zinayi! Zimitsako zina."

"Ndiye ndizimitse mphikawo?"

"Wapenga? Zimitsa zina zonsezo. Mtsikana amalola ngakhale mumdima, inetu ndinalola. Koma ukampatsa mpunga wosapsa, za ukwati iwalako!"