Timaulusi Timene Tinayeretsa Dzina la Mayi Anga

Olemekezeka Bwanamkubwa wa chigawo chathu cha Segou, olemekezeka a Meya, olemekezeka akuluakulu a sukulu ya ukachenjede, a Imamu ndi abambo ansembe, madokotala ndi anamwino, ophunzira, anzanga a ndodo ndi njinga amene mwadzaza mzere wakutsogolowu, amayi ndi abambo, landirani moni wanga.

Mundilole ndilankhule chokhala. Ine Nassoum Traore ndaweruza milandu zaka makumi atatu ndili pampando, ndipo miyendo yangayi sidziwa mwambo wina.

Tasonkhana kudzatsegulira nyumba yofufuzira matenda a mitsempha, koma chandidzutsa ine m'mawa uno ndi kudzathokoza mwini ntchitoyi, Dokotala Massaran Diarra. Mwamva bwino: wa kwa Traore akuyamika wa kwa Diarra, mtundu wa odya nyemba umene ife timanyozana nawo mwanthabwala kuyambira makolo athu, pamaso pa anthu. Lembani tsikuli, chifukwa sizidzachitikanso.

Bambo anga anali ndi akazi awiri, ndipo mayi anga, a Sitan, anali aang'ono. Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ana awiri a mayi aakulu, Bakoroba ndi Korotoumou, anayamba kupunthwa ngakhale posalala. Nkhwaira zinkawavuka osamva, zala za kuphazi zinapindika, akatumba anaphwa. Banja linakhala pansi n'kugamula kuti mayi anga anawathira mankhwala m'phala. Anawabweza kwawo ku Markala ndi kamtolo ka nsalu, ine n'kutsala. Nditayamba nanenso kukoka phazi ndili wamkulu kale, anthu sanasinthe maganizo. Anati mankhwala abwerera mwini wake. Mayi anamwalira akutchedwa mfiti, ndipo achimwene anga a Bakoroba sanaponde pamaliro.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinapita kuchipatala kukafuna nsapato zolimbitsa akakolo, ndipo ndinapezako dokotala uyu. Anandifunsa ngati kwathu kuli enanso oyenda chonchi. Ndinamuyankha kuti ayang'ane mapazi, za banja azisiye. Sanazisiye. Anafika kwathu panjinga yamoto tsiku lopatsa dzina mwana wina wa m'banjamo, banja lonse lilipo, nagwada pamaso pa akulu n'kupempha kuti aliyense avule nsapato.

Bambo anga aang'ono a Tiemoko, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, anaseka. "Mwana wa Diarra, ukufuna nyemba m'nsapato mwangamu? Mapazi okhota chonchiwa ndi akwathu. Mkulu wanga anali nawonso otere, kungoti iye ankabisa m'mkanjo."

Ena tonse tinaseka nawo, koma dokotala sanaseke. Anabwera kanayi, m'fumbi ndi m'matope, kunyengerera okana, mpaka anatenga magazi a anthu makumi awiri ndi atatu. Patatha zaka ziwiri anatisonkhanitsanso.

Anatifotokozera kuti mtsempha umene umatenga uthenga kuchoka kumsana kukafika kuchala cha kuphazi ndi wautali ngati mwendo wonse, koma wowonda kuposa tsitsi. Mkati mwake muli timaulusi ta puloteni, totchedwa nyurofilamenti, timene timaulimbitsa ndi kuunenepetsa kuti uthenga uzithamanga. Mwa ife timaulusito timapangika molakwika, timapotana n'kuunjikana, ndipo mitsempha yaitali ndiyo imayamba kufooka. Anati vutoli tinabadwa nalo, ndipo linachokera kuchimuna, kwa bambo.

A Bakoroba, ali panjinga yawo ya olumala, anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye kuti m'phala lija munalibe kanthu?"

"Munalibe, bambo," anatero dokotala.

Lachisanu lotsatira achimwene anapempha kuti awatengere ku Markala. Ana awo anawanyamula mpaka pamanda a mayi anga, ndipo anapemphera nthawi yaitali. Atatha anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mlongo wanga, woweruza ndiwe. Mlandu ngati wathuwu chilango chake n'chiyani?" Ine amene ndawerenga mabuku onse a malamulo ndinangowagwira dzanja, ndipo tinabwerera galimoto imodzi.

Olemekezeka, chimene ndimamulemekezera kwambiri mwana uyu n'chakuti sanatinamizepo. Anatiuza poyera kuti mankhwala ochiza sanapezeke, ndi kuti pakadali pano chithandizo chathu ndi nsapato zoyenera ndi kulimbitsa thupi. Anaitanidwa kukagwira ntchito kunja, iye anasankha kutsala. Lero m'nyumba muno muli makina oyeza tizidutswa ta timaulusi tija, timene timatayikira m'magazi mitsempha ikamawonongeka, kaya ndi matenda athuwa kaya ndi ena, kuti dokotala aone ngozi msanga ndi kudziwa ngati chithandizo chikugwira.

Ophunzira inu, makinawa muwaphunzire bwino, koma musaiwale kuti m'midzi yathu muli amayi amene akuwerengeredwa masiku oti athamangitsidwe chifukwa mwana wa mnzawo wayamba kudwala. Muziwafikira banja lisanakhale pansi.

Tsopano, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba yofufuzira matenda a mitsempha ino yatsegulidwa, ndipo khomo lake lisatsekedwe kwa wodwala aliyense. Mulungu adalitse manja ogwira ntchito muno. Kwa nonse amene mwandimvera, zikomo kwambiri.