Mngelo wa m'kabuku ka ana

Omvera anzanga, nkhani iyi yandidya mumtima kuyambira m'ma 1950, ndikuphunzitsa Sande sukulu ku Likhubula. Abusa anandipatsa kabuku ka zithunzi kuti ndione ngati kakugwirizana ndi Baibulo. Munali mngelo akuolotsa ana pamtsinje, m'munsi atalemba kuti mwana wopemphera madzi samutenga. Ndinafufuza m'Baibulo monse, mawuwo osawapeza. Koma chithunzicho chinandikongolera, ndiye ndinangoti, "Kali bwino, abusa."

Dzinja lomwelo mwana wanga wamkazi anapeza mtsinje utadzaza. Anzake akubwerera, iye anati, "Ababa anatiwerengera, ine ndapemphera," n'kulowa m'madzi.

Tinamupeza patapita masiku awiri. Mpaka lero mvula ikamagunda m'phiri, ndimadzimva ndekha ndikunena kuti, "Kali bwino, abusa."